Galimoto ya Pachithunzi ndi Galimoto Yodyetsa Kampani

Anzanga, inu amene munamata chithunzi cha Lamborghini pachikuto cha kope, taimani kaye pano. Sabata ino tikambirane za magalimoto awiri akale othamanga kwambiri: Lamborghini Miura ya ku Italy ndi Porsche 911 ya ku Germany. Zakuti yokongola ndi iti tizisiye, tikhoza kukangana mpaka belu kulira. Funso langa ndi lakuti, ndi iti imene inadyetsa eni ake? A Fomu 3 ndi 4 amene mumatenga Business Studies tcherani khutu, chifukwa nkhani ya mpamba, ndalama zolowa ndi phindu ili momwemu.

Ferruccio Lamborghini analemera ndi kupanga mathalakitala. Mu 1963 anatsegula fakitale ya magalimoto m'tauni yaing'ono ya Sant'Agata Bolognese, ndipo patangotha zaka zitatu, mu 1966, kampani yake inaonetsa Miura. Anthu anangoti kukamwa yasa. Nthawi imeneyo magalimoto ambiri a mtunduwu injini inkakhala kutsogolo, koma Miura inali ndi injini ya masilinda 12 yoikidwa chopingasa kumbuyo kwenikweni kwa dalaivala, monga mmene zimakhalira m'magalimoto a mpikisano. Thupi lake analijambula Marcello Gandini, mnyamata amene anali asanakwanitse n'komwe zaka 30. Inali yaifupi, yosafika pachifuwa cha munthu wamkulu, ndipo inkathamanga kupitirira makilomita 270 pa ola. Oimba, mafumu ndi mabwana a ndalama ankaifuna.

Koma kuiyendetsa sikunali kophweka. Mkati munkatentha, phokoso la injini lili m'khutu momwemu, ndipo ikafika paliwiro lalikulu kutsogolo kunkapepuka. Malo oika katundu anali ochepa. Munthu wogula Miura amayenera kukhala ndi galimoto ina yoyendera masiku onse.

Porsche 911 inaonetsedwa ku Frankfurt mu 1963, ndipo inayamba kugulitsidwa mu 1964. Poyamba inkatchedwa 901, koma a Peugeot anadandaula kuti manambala atatu okhala ndi ziro pakati ndi awo, choncho a Porsche anangosintha ziroyo kukhala 1. Injini yake inali ya masilinda 6, yokhala kumbuyo, yoziziritsidwa ndi mpweya osati madzi. Mphamvu zake sizinkafika ndi theka lomwe la za Miura, ndipo liwiro linkathera cha pa makilomita 210. Pampikisano wa maso ndi makutu, 911 inagonja. Komatu inali ndi timipando tiwiri kumbuyo, malo a chikwama kutsogolo, ndipo dokotala ankatha kupita nayo kuntchito Lolemba mpaka Lachisanu. Mtengo wa Miura unali pafupifupi katatu mtengo wa 911.

Tsopano tengani cholembera. Miura inapangidwa kuyambira 1966 mpaka 1973, ndipo onse pamodzi anali magalimoto pafupifupi 760. Mukagawa ndi zaka 7 mupeza magalimoto 109 pachaka, kutanthauza awiri okha pasabata. Porsche 911 ya nambala 1,000,000 inatuluka m'fakitale mu 2017. Gawani ndi zaka 53, mupeza pafupifupi 19,000 pachaka, kapena oposa 50 patsiku. Zoona, zaka zoyambirira ankapanga ochepa kuposa pamenepa, koma pa avereji imeneyi masiku 15 okha akukwana kupanga magalimoto ochuluka ngati ma Miura onse amene anakhalapo padziko.

Wina anena kuti, "Nanga si Miura inali yodula? Ndiye kuti phindu linali lalikulu." Apa ndi pamene ambiri timagwera pamayeso. Mtengo wogulitsira si phindu. Kampani isanagulitse ngakhale galimoto imodzi imakhala italipira kale mainjiniya, yamanga fakitale, yagula makina, yaphwanya magalimoto angapo powayesa. Ndalama zimenezi sizisintha, kaya mupanga magalimoto 100 kaya 100,000. Zili ngati chikombole cha njerwa. Mukagula chikombole n'kuumba njerwa 50 zokha, njerwa iliyonse yasenza gawo lalikulu la mtengo wa chikombolecho. Mukaumba 50,000, gawolo limachepa mpaka osaoneka. A Porsche ankagwiritsa ntchito chikombole chimodzi kwa zaka zambirimbiri, kumangochikonza pang'onopang'ono. Ngakhale lero mukaona 911 yatsopano mudzaizindikira kuti ndi mdzukulu wa ya 1964 ija. A Lamborghini, Miura itatha, anayambanso china chatsopano.

Chatsopanocho chinali Countach, ya zitseko zotsekukira m'mwamba, imene inatuluka mu 1974 ndi kupangidwa mpaka 1990. Imeneyi ndiye inadzaza makoma a zipinda za anyamata ku Ulaya ndi ku America. Kumbuyo sikunkaoneka bwino, moti pobwerera m'mbuyo madalaivala ena ankatsegula chitseko n'kukhala m'mphepete, mutu uli panja. Pazaka 16 zonsezo anapanga magalimoto osakwana 2,000. Zithunzi zake zinagulidwa kwambiri kuposa galimotoyo, koma mnyamata wogula chithunzi si kasitomala wa fakitale.

Mavuto anali atayamba kale. Bizinesi ya mathalakitala itayamba kuvuta, Ferruccio anagulitsa gawo lalikulu la kampani ya magalimoto mu 1972. Mu 1973 mafuta anakwera mtengo padziko lonse, ndipo galimoto yomwa petulo ngati Miura inasowa ogula. Mu 1974 mwiniwakeyo anagulitsa gawo lotsala n'kupita kukalima mphesa. Pofika 1978 kampani inalephera kubweza ngongole zake, khoti linalowererapo. Kenako inayenda m'manja ngati ndalama yachitsulo: Chrysler ya ku America inaigula mu 1987, inaigulitsa mu 1994, mpaka Audi inaitenga mu 1998.

Ndisanamize anthu kuti Porsche inangoyenda pamsewu wa phula. Nayonso inatsala pang'ono kugwa. Cha m'ma 1986 inkagulitsa magalimoto oposa 50,000 pachaka, koma pofika 1993 anatsika mpaka osakwana 15,000. Kupanga galimoto imodzi kunkadya nthawi ndi ndalama zambiri. Bwana watsopano, Wendelin Wiedeking, anaitana akatswiri a ku Japan amene anaphunzira ntchito ku Toyota kuti adzakonze kagwiridwe ka ntchito m'fakitale. Taganizani, Ajeremani onyadira luso lawo kuphunzitsidwa ndi anthu a magalimoto wamba! Mu 1996 anatulutsa Boxster, yotsikirako mtengo, imene zipangizo zake zambiri zinali zofanana ndi za 911 yatsopano. Chikombole chimodzi, magalimoto awiri. Mu 2002 anawonjezera Cayenne, galimoto yaikulu yonyamula banja lonse. Okonda 911 anakwiya, ena ankati n'kunyoza dzina la Porsche, koma Cayenne inagulidwa kwambiri ndipo inabweretsa ndalama zochuluka.

Pali chinthu chimodzi chimene chimasokoneza anthu. Masiku ano Miura yosungidwa bwino imagulidwa pamtengo woposa madola 1 miliyoni. Ferrari 250 GTO, imene anapanga 36 okha pakati pa 1962 ndi 1964, ina inagulitsidwa pa okushoni mu 2018 pamtengo wa madola 48.4 miliyoni. Kusowa kwake ndi kumene kumakweza mtengo. Koma ndalama zimenezo zimalowa m'thumba la amene wagulitsayo, osati la fakitale imene inapanga galimotoyo. Ferrari yomweyo, ndi kutchuka kwake konse, inagulitsa theka la kampani kwa Fiat mu 1969. Ndiye mukamayankha funso la kupambana kwa malonda, muzifunsa kaye kuti wapindula ndani, komanso liti.

Kunena chilungamo, ine mtima wanga uli kwa Miura. Popanda iyo dzina la Lamborghini bwenzi litaiwalika, ndipo Audi sikanakhala ndi chifukwa choligulira. Dzina nalonso ndi katundu wa kampani, ngakhale silimalipira antchito pakutha pa mwezi. Chimene Audi inachita ndi kutenga dzinalo n'kuliphatikiza ndi njira ya a Porsche ija. Gallardo, yaing'ono ndi yotsikirako mtengo, inapangidwa kuyambira 2003 mpaka 2013 ndipo anagulitsa oposa 14,000. Mu 2018 kunabwera Urus, yaikulu, ya zitseko zinayi, yogawana zipangizo ndi magalimoto a Audi ndiponso Cayenne yomwe ija. Mu 2023 Lamborghini inagulitsa magalimoto oposa 10,000 m'chaka chimodzi kwa nthawi yoyamba, ndipo oposa theka anali ma Urus.