Majini Akamalamulirana: Mafunso ndi Mayankho pa Mapulogalamu a Kompyuta Owatsanzira

Kodi majini amalamulirana bwanji?

Majini amene tikunena pano si mizimu ayi, ndi malangizo olembedwa mu DNA ya m'maselo. Selo la pakhungu ndi selo la m'chiwindi ali ndi majini ofanana, ndipo mwa munthu opanga mapuloteni alipo pafupifupi 20,000. Chimasiyanitsa maselowa n'choti majini ena amakhala oyaka, ena ozima. Woyatsa ndi wozimitsa nthawi zambiri amakhala puloteni yochokera ku jini lina. Mu 1961, François Jacob ndi Jacques Monod a ku Paris anasonyeza kuti bakiteriya wotchedwa E. coli amatsekera majini ogayira shuga wa mumkaka mpaka shugayo atapezeka.

Nanga kompyuta ikulowapo bwanji? Kujambula papepala sikukwanira?

Sikukwanira, chifukwa chojambula sichiyenda. Tiyerekeze majini atatu: loyamba limazimitsa lachiwiri, lachiwiri limazimitsa lachitatu, lachitatu n'kubwerera kudzazimitsa loyamba. Tayesani kulondola pamtima. Loyamba likayaka, lachiwiri lizima, lachitatu lipeza mpata n'kuyaka, kenako lizimitsa loyamba lija, lachiwiri n'kudzuka. Kodi zimenezi zizizungulira mpaka kalekale, kapena zidzaima penapake? Yankho lili pa liwiro: puloteni iliyonse imapangidwa msanga bwanji, imatha msanga bwanji. Mutu wa munthu umasokonezeka pamenepa, koma kompyuta imawerengera mphindi ndi mphindi.

Michael Elowitz ndi Stanislas Leibler anayamba ndi masamu oterewa, kenako anamanga majini atatuwo mu E. coli. Zotsatira zinatuluka mu 2000: mabakiteriya ankawala mobiriwira, n'kuzilala, n'kuwalanso. Kwa ine, palibe chitsanzo china chimene chimaonetsa bwino phindu la ntchitoyi kuposa chimenechi.

Mapulogalamu ake ndi ati?

Ena amaona jini ngati switchi ya magetsi, 1 kapena 0. Nzeru imeneyi inachokera kwa Stuart Kauffman mu 1969 ndi René Thomas wa ku Brussels mu 1973. GINsim ndi BoolNet ali m'gulu limeneli, ndipo amathandiza pamene mukudziwa wolamulira mnzake koma mulibe manambala a liwiro. Ena, monga COPASI, amawerengera kuchuluka kwa puloteni iliyonse pamene nthawi ikupita. COPASI imathanso kutsata njira ya Daniel Gillespie ya mu 1977, yoganizira zochitika mwamwayi, poti m'selo limodzi mapuloteni ena amakhala ochepa kwambiri.

Bwanji osangoikamo majini onse nthawi imodzi?

Chifukwa masamu amakula mofulumira koopsa. Majini 10, lililonse loyaka kapena lozima, angasanjike m'njira 1,024. Akakhala 30, njirazo zimapitirira 1 biliyoni. N'chifukwa chake ofufuza amasankha kagulu kochepa kokhudza funso limodzi.

Kodi zimene kompyuta yanena n'zoona basi?

Ayi, ndipo apa mpofunika kusamala. Pulogalamu imayankha malinga ndi zimene mwaiuza. Mukaiwala kuti jini lina limatsekereza linzake, idzakujambulirani mizere yosalala bwino koma yabodza. Ngakhale mabakiteriya a Elowitz aja sankawala mofanana: maselo ochokera ku kholo limodzi ankasiyana nthawi posakhalitsa. Kompyuta imakulozerani choti mukayese, koma mlandu umagamulidwa mu labotale.

Wophunzira angayambire pati?

GINsim, BoolNet ndi COPASI ndi aulere pa intaneti, ndipo laputopu wamba imakwanira pa gulu la majini ochepa. Palinso kalembedwe kogwirizana kotchedwa SBML, kamene kamathandiza kuti ntchito ya munthu wina itseguke m'pulogalamu ina. Musayambe ndi majini ambirimbiri. Tengani atatu aja, aikeni mu COPASI, kenako sinthani liwiro la kutha kwa puloteni imodzi yokha, muone pamene kuzungulira kuja kuimire.