Kuphatikiza Zotsatira za Kafukufuku wa Zachipatala

M'chaka cha 1904, katswiri wa masamu wa ku London, Karl Pearson, anasonkhanitsa malipoti onena za katemera wa tayifodi pakati pa asilikali a Britain amene anali ku India ndi ku South Africa. Poona kuti lipoti lililonse palokha linali losakwanira, iye anawaphatikiza kuti apeze yankho limodzi. Mu 1976, Gene Glass, wofufuza za maphunziro ku America, anatcha njira yotereyi meta-analysis.

Lamulo lalikulu limene madokotala amatsata pophatikiza ndi lakuti kafukufuku wa anthu ambiri azilemera kuposa wa anthu ochepa. Tiyerekeze kuti pa chipatala china anayesa mankhwala pa odwala 20 ndipo 16 anachira, kutanthauza 80 peresenti. Pa chipatala chinanso anayesa pa odwala 80 ndipo anachira 40, kutanthauza 50 peresenti. Wophunzira wopupuluma adzaphatikiza 80 ndi 50, nagawa pawiri, napeza 65. Koma tikawerenga odwala onse 100, ochira ndi 56 okha. Kusiyana kotereku kungachititse dokotala kudalira mankhwala mopitirira muyeso, ndipo wovutika ndi wodwala.

Tsono pophunzitsa avereji, tilembe chitsanzochi pa bolodi, tiwasiye ana apeze 65 poyamba, kenaka tiwafunse kuti awerenge ochira mmodzimmodzi. Akaona okha kuti anthu 9 akusowa, adzazolowera kufunsa kuti, “Kodi nambala imeneyi yachokera pa anthu angati?”