Phunziro: Kodi linjirinjiri lidzamubwereranso mwanayu?

Amayi anzanga, mwana akaphupha ndi kukomoka thupi litatentha, mayi ake amafunsa chimodzi: kodi zidzachitikanso? Mbali ya yankho ili ndi inu amene munaona ndi maso.

Linjirinjiri la kutentha thupi limagwira ana a miyezi 6 mpaka zaka 5. Mwa ana 3 amene lawagwira, pafupifupi mmodzi limamubwereranso, kawirikawiri chaka chisanathe. Limakonda kubwerera ngati linayamba mwana asanakwanitse miyezi 18, kapena ngati makolo kapena abale ake linkawagwiranso ali aang'ono. Chimene ambiri sadziwa n'chakuti mwana amene anakomoka thupi litangofunda pang'ono ndiye amabwereza kwambiri, kuposa amene linali moto.

Kubwereza sikutanthauza khunyu. Ambiri amasiyiratu akamakula. Chodetsa nkhawa ndi pamene waphupha kupitirira mphindi 15, mbali imodzi yokha, kawiri pa tsiku limodzi, kapena thupi lisanatenthe. Choncho yang'anani nthawi, musamangolira, ndipo mukafotokoze zonsezi kuchipatala.

Mugonekeni chammbali. Supuni m'kamwa ayi! Musamumwetse kanthu mpaka atatsitsimuka. Panado amaziziritsa thupi koma satsekereza linjirinjiri. Ndipo kwathu kuno musagamule nokha kuti n'kutentha chabe: malungo a muubongo ndi matenda oumitsa khosi amayambanso chomwechi. Akayezedwe magazi tsiku lomwelo, ngakhale atadzuka n'kuyamba kusewera.

Funso lokambirana: pamudzi panu, mwana akakomoka usiku, adzapeza thiransipoti ndani?