Phunziro 7: Kuwerengera Tibokosi Potsata Mtundu Wake mu Excel

Mawu oyamba

Aphunzitsi ambiri akalemba malikisi mu Excel amapaka tibokosi mitundu: wofiira kwa amene alephera, wobiriwira kwa amene akhoza. Maso amaona msanga, koma COUNTIF ndi SUMIF saona mtundu. Amangowerenga manambala ndi mawu. Mu phunziro lino tiona momwe mungalembere fomula yanuyanu yowerenga mitundu, komanso chifukwa chake yankho lake nthawi zina limatsalira m'mbuyo.

Zolinga

Pomaliza phunziroli muzitha:
• kulemba kapulogalamu kowerenga tibokosi ta mtundu umodzi
• kufotokoza nthawi imene yankho limasintha ndi imene silisintha
• kusankha njira yodalirika yosungira malikisi

Kulemba kapulogalamu

Tsegulani fayilo ya malikisi. Dinani Alt ndi F11 pamodzi, musankhe Insert, kenako Module. Lembani izi m'chilankhulo cha VBA monga zilili:

Function WerengaMtundu(Malo As Range, Chitsanzo As Range) As Long
Application.Volatile
Dim k As Range
For Each k In Malo
If k.Interior.Color = Chitsanzo.Interior.Color Then WerengaMtundu = WerengaMtundu + 1
Next k
End Function

Kapulogalamuka kamayendera kabokosi kalikonse n'kukayerekeza ndi kabokosi kachitsanzo. Mitundu ikafanana, kamawonjezera 1.

Tiyerekeze kuti malikisi a ophunzira 60 ali mu C2 mpaka C61. Pakani E1 mtundu wofiira womwewo, ndipo mu F1 lembani =WerengaMtundu(C2:C61,E1). Ngati mukufuna kuwonkhetsa manambala a m'tibokosito, sinthani + 1 akhale + k.Value, ndipo Long akhale Double. Sungani fayiloyo ngati .xlsm, chifukwa .xlsx sisunga mapulogalamu otere.

Ntchito 1

Pakani tibokosi 5 mtundu wofiira, lembaninso fomula mu F1, muone yankho. Kenako pakani kena kamodzi. Kodi yankho lasintha? Lembani zimene mwaona musanapitirire.

Chifukwa chake yankho limatsalira

Mwina mwadabwa kuti F1 akunenabe 5. Simunalakwitse ayi. Excel amawerengeranso pamene mwasintha nambala kapena mawu, koma kupaka mtundu sakuyesa kusintha. Mzere wa Application.Volatile umangouza Excel kuti nthawi iliyonse akamawerengeranso, asaiwale fomula yathuyi. Choncho mukapaka mtundu, dinani F9. Apo yankho lifika pa 6.

Nkhaniyi si yaing'ono. Mukaiwala F9 n'kupereka lipoti kwa mphunzitsi wamkulu, chiwerengero cha olephera chikhala cholakwika, ndipo mwana wofunika thandizo lapadera akhoza kusiyidwa.

Chenjeraninso ndi izi. Mitundu yofiira ilipo yambiri, ndipo iwiri yooneka yofanana m'maso ikhoza kukhala yosiyana kwa kompyuta. Komanso Interior.Color saona mtundu wobwera ndi Conditional Formatting. Amangoona umene mwapaka nokha.

Njira yodalirika

Mtundu ukhale wothandiza maso, koma uthenga weniweni ukhale m'manambala. Ngati malikisi okhozera ndi 50, fomula =COUNTIF(C2:C61,"<50") iwerenga olephera ndipo isintha yokha mukangosintha malikisi. Kupaka kusiyireni Conditional Formatting. Kapulogalamu kathu kagwiritseni ntchito pamene mwalandira fayilo yopakidwa kale ndi mnzanu, imene tanthauzo lake lili mu mitundu yokha.

Ntchito 2

1. N'chifukwa chiyani F1 sasintha mukangopaka mtundu?
2. Lembani fomula yowerenga ophunzira amene apeza 75 kapena kuposera apo.
3. Pa fayilo ya kalasi yanu, yerekezani yankho la WerengaMtundu ndi la COUNTIF. Ngati akusiyana, pezani chifukwa chake. Tumizani mayankho kwa mlangizi wanu.

Mwachidule

Taona kuti VBA imatha kuwerenga mitundu, kuti kupaka pakokha sikusintha yankho mpaka mutadina F9, ndiponso kuti pa lipoti la malikisi n'kwabwino kudalira manambala.