PHUNZIRO LA ZA MOYO: MIYENDO IKAFOOKA KACIWIRI

Abale, m'midzi yathu ya ku Machinga ndi Balaka muli amuna ndi akazi amene anagwidwa ndi nthenda ya poliyo akali ana. Ambiri anaphunzira kuyendanso, ena motsimphina, ena ndi zitsulo zomangira mwendo zimene bungwe la Malawi Against Polio, loyambika m'caka ca 1979, linali kupereka. Analima, namanga mabanja, nalera ana. Koma tsopano ena a iwo apunthwa pa njira imene aiyenda zaka zambiri, ndipo ulendo wa kucitsime wawakulira. Kodi ncifukwa ninji?

1. Zocitika m'thupi. Kacirombo ka poliyo kamapha ina ya mitsempha yocokera mu msana, imene ilamulira minofu ya miyendo. Mitsempha yotsala iphuka nthambi, nitenga minofu yosiyidwayo, monga mkazi alera ana a mbale wace womwalira pamodzi ndi ace omwe. Ndico cifukwa cace mwana uja anaimiriranso. Koma wosenza katundu wa anthu angapo atopa msanga. Pakapita zaka 15 kufikira 40 nthambi zija ziyamba kufota, ndipo mwendo ufookanso. Madotolo ati mwa anthu 100 opulumuka poliyo, 25 kufikira 40 aona zotere: kutopa kwakukuru, kuwawa kwa mawondo ndi m'ciuno, ndi kugwa kawirikawiri, makamaka nyengo yozizira.

2. Zimene tisanene. Si ulesi, si ufiti, ndipo kufooka kwaciwiriku sikupatsirana. Tikamuuza mbale wotere kuti, Limbikani monga kale, timpweteka. Pakuti minofu yotopayo ikakakamizidwa ifooka koposa.

3. Zimene tingacite. Agawe nchito yace, alime pang'ono napumule asanatheretu mphamvu. Asaleke kuyenda konse, koma ayende maulendo afupiafupi. Asacite manyazi kutenganso ndodo imene anaisiya ali mnyamata, kapena kukwera njinga yopalasa ndi manja. Ndodo isunga mwendo, ndipo njinga isunga mapewa amene ndodo yawalemetsa. Citsulo cikatha kapena cikayamba kutupula zironda, apite naco ku cipatala ca boma ku Liwonde kapena ku Balaka, kuti akamuone odziwa za mafupa ndi miyendo. Ife anansi ticotse miyala ndi zitsa pa njira yace, ndipo ana athu amtungire madzi.

4. Za ana athu. Kucokera 1992 kacirombo ka poliyo koyendayenda kokha sikanaonekenso m'dziko muno, kufikira February 2022, pamene boma linalengeza kuti kamtsikana ka ku Lilongwe kapuwala nako. Mankhwala ociza poliyo palibe, koma katemera amtchinjiriza mwana. Cotero tisabise ana athu pakufika otemera.

Mafunso: Kodi m'mudzi mwanu muli wotere? Ndani amtungira madzi, ndipo ndani adzapita naye ku cipatala mwezi uno?