Chizungulire mukangodya pambuyo pa opaleshoni ya chifu: mafunso ndi mayankho

Bala lapola, wodwala wabwerera kumudzi. Koma akangomwa kapu ya thobwa, thukuta kamukamu, mtima thithithi, mpaka kufuna mphasa. Madokotala amalitcha vutoli dumping syndrome.

Chimachitika n'chiyani m'mimbamo?
Kumunsi kwa chifu kuli kakhomo kotulutsa chakudya pang'onopang'ono. Kakachotsedwa kapena kulambalalidwa pochiza zilonda zam'mimba kapena khansa, chakudya chimakhuthukira m'matumbo nthawi imodzi.

Ndingalizindikire bwanji?
Pakangotha mphindi 10 mpaka 30 mutadya, m'mimba mumapota, mumamva nseru, mumatsegula m'mimba. Ena zimawapeza pakati pa ola limodzi ndi maola atatu: kunjenjemera ndi kulenguka, chifukwa shuga wam'magazi watsika.

Kodi opaleshoni inalakwika?
Ayi, ndiponso simunalodzedwe. Thupi likuzolowera njira yatsopano, ndipo ambiri amayamba kupezako bwino pakapita miyezi.

Ndizidya bwanji?
Gawani chakudya kasanu ndi kamodzi patsiku. Mtanda wochepa wa nsima ya mgaiwa, ndiwo zambiri: nandolo wathu yemweyu, matemba a ku Chilwa, dzira, masamba otendera. Tafunani mosathamanga. Madzi musatsitsire nsima, dikirani mphindi 30. Sobo, Fanta, thobwa lotsekemera ndi tiyi wa shuga wambiri zilekeni kaye. Chizungulire chikabwera, gonani pang'ono.

Mankhwala alipo?
Alipo. Acarbose amachedwetsa kulowa kwa shuga m'magazi, pomwe jekeseni wa octreotide ndi wa amene vuto lawakanirira. Onsewa ngolembedwa ndi dokotala, osati ogula pamsika.

Nanga opaleshoni yachiwiri?
Imabwera pomaliza, zonse zikalephereka, ndipo kawirikawiri madokotala amadikira chaka kapena kuposerapo. Angathe kukonzanso kakhomo kaja, kulumikiza matumbo mwa njira ya Roux-en-Y, kapena kutembenuza kachidutswa ka thumbo kuti chakudya chiziyenda mochedwa. Sikuti aliyense amachira nayo, ndipo ili ndi ziwopsezo zake. N'chifukwa chake tikukupemphani: yambirani pa mbale, mpeni udikire.

Ndipite kuti?
Ngati muli ku Phalombe, yambirani pa chipatala cha boma kapena ku Holy Family, buku lanu lakuchipatala lili m'manja. Madokotala akaona kuti m'pofunika, adzakutumizani ku Zomba Central kapena ku Queens. Mukakomoka, mukamaonda, kapena chimbudzi chikada bii, musadikire tsiku la msika: kwerani njinga lero lomwe.