Phunziro 18: Mkango wa pamphasa

Tiwerenge

Foni ili ndi diso. Diso lake ndi kamera.
Tikaloza foni pamphasa, timaona mphasa m'foni.

M'caka ca 2019, kampani ya Google inaika zithunzi za nyama zoyenda m'mafoni.
Munthu ankaloza foni pansi, n'kuona mkango utaima pamphasa.
Koma pamphasa panalibe mkango. Unali m'foni mokha.

Kuti mkango uoneke ngati weniweni, uyenera kukhala pamalo amodzi.
Tikapita kumanja, uzikhalabe pamphasa.
Tikayandikira, uzikula.
Tikabwerera m'mbuyo, uzicepa.

Kodi foni imadziwa bwanji malo a mkango?
Imasankha zizindikiro: ngodya ya mphasa, mwendo wa mpando, mng'alu wa pansi.
Imazikumbukira.
M'kati mwake mulinso tizipangizo tomva kuti foni yasuntha.
Ikasuntha, imafunanso zizindikiro zija, n'kubwezera mkango pamalo pake.

Mumdima foni siona zizindikiro.
Pansi posalala, pa mtundu umodzi wokha, sipeza cokumbukira.
Pamenepo mkango umaterereka, kapena kuyandama m'malere.

Tichule pamodzi

mka-ngo   mpha-sa   fo-ni   ka-me-ra   ci-zi-ndi-ki-ro

Tiyeni ticite

1. Tengani pulasitiki yoonekera. Jambulanipo nkhuku.
2. Ikani mwala pansi.
3. Tsinzinani diso limodzi. Gwirani pulasitiki kuti nkhuku ioneke itaima pamwala.
4. Sunthani mutu pang'ono. Kodi nkhuku ikadali pamwala?
5. Sunthani dzanja mpaka nkhuku ibwerere pamwala.

Mwala ndi cizindikiro canu. Nchito imene mwacita ndi dzanja ndi imene foni imacita, koma iyo imacita mofulumira kwambiri.

Mafunso

1. Kodi diso la foni ndi ciani?
2. Kodi mkango uli pamphasa kapena m'foni?
3. Chulani zizindikiro ziwiri zimene foni imasankha.
4. N'cifukwa ciani mkango umaterereka mumdima?

Kwa makolo

Masewera a nkhuku ndi mwala safuna foni. Citani ndi mwana wanu madzulo, dzuwa lisanalowe. Muloleni afotokoze yekha m'Cinyanja zimene waona. Mukumbutseni kuti si zonse zooneka m'foni zimene zilipodi, ndiponso kuti asayende maso ali pafoni pafupi ndi moto, citsime kapena msewu.